Sofa Wobwereka

1. Mayeso okhoza wolephera

Kusukulu ankamutcha Namafunso, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kuntchito. Anali mtsikana wowonda, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wa mkono wosachedwa kukwera m'mwamba. Aphunzitsi akatopa naye, iye ankangoti safunsa anadya phula.

Ntchito yake yoyamba anaipeza ku ofesi yosamalira anthu ovutika. Anamulemba moyesa kwa miyezi itatu, ndipo mayi ake anamuchenjeza kuti m'miyezi imeneyo mkono uja aziusunga m'thumba.

Ofesiyo inkapereka khadi kwa mabanja osauka. Amene anali ndi khadilo ankalandira chithandizo chaulere kuchipatala, ndipo ana ake ankadya nkhomaliro kusukulu. Koma thumba la boma linali losaya. Mbali yaikulu ya chithandizocho inkachokera ku Bungwe la Maiko Khumi ndi Atatu, limene likulu lake linali kutali kwambiri. Anthu ankangoti "a Bungwe", ngati akunena za apongozi oopedwa.

Lolemba lina bwana anaitana makalaliki onse anayi. Bwanayo ankamutcha a Malinga, chifukwa sankatha kuyamba chiganizo popanda mawu amenewo.

"Malinga ndi mgwirizano watsopano wa boma ndi a Bungwe," anatero, "wosauka sitizimudziwanso ndi mtima. Tizimudziwa ndi malikisi."

Anawagawira timakina tonga foni zikuluzikulu. M'katimo munali fomu. Denga la malata, malikisi asanu. Sofa, khumi. Wailesi yakanema, khumi ndi asanu. Filiji, makumi awiri. Nyumba yopitirira malikisi makumi atatu inali ya munthu wopeza bwino, ndipo khadi sankalandira.

"Ndiye kuti mayeso awa amakhoza ndi wolephera?" anafunsa Namafunso. Mkono unali utatuluka kale m'thumba.

"Malinga ndi lamulo lachisanu ndi chiwiri," anatero bwana osamuyang'ana, "muzilemba zimene maso aona, osati zimene makutu amva. Mukalemba mudina apa, nkhani yapita. Ikapita sibwerera, ndipo kaundula satsegulidwanso mpaka patatha zaka zitatu. Pali funso lina?"

Namafunso anali nawo anayi, koma anakumbukira mayi ake.

2. Chenjezo la pakhonde

Pakhonde anapeza a Mesenjala akupukuta njinga yawo. Anali mkulu wa imvi, amene ankadziwa kumene fayilo iliyonse yotayika inagona.

"Khala apa, mwana wanga, ndikuuze," anatero. "Ine ndanyamula makalata a ofesi ino zaka makumi atatu. Ndaona mabwana asanu ndi awiri, mafomu ndiye sindingawerenge. Kale osauka ankasankhidwa ndi komiti ya mumsewu. Ukatsegula kaundula, wosauka woyamba ndi mlamu wa tcheyamani, wachiwiri apongozi ake, wachitatu munthu amene tinamuika m'manda chaka chatha. Tsono a Bungwe akamati za makutu sakuzifunanso, usawaseke. Anatopa ndi mabodza athu.

"Koma fomu imeneyi inalembedwa kutali, ndi anthu ophunzira amene sanapondepo mumsewu mwanu. Boma lathu linasaina msanga, chifukwa wopempha sakweza mawu. Ndiye pakati pa iwo ndi osauka paima iwe, ndi kamakina kakoko. Maenje alipo awiri. Loyamba ndi kulemba bodza chifukwa cha chisoni. Tsiku limene udzagwidwe a Bungwe adzatseka mpopi, ndipo adzalira ndi anthu zikwizikwi amene sukuwadziwa. Lachiwiri ndi kulemba zimene waona, ukudziwa kuti si zoona zonse, n'kupita kwanu kukagona bwinobwino. Loyamba limachotsetsa ntchito. Lachiwiri limakwezetsa pa ntchito. Koma onsewo ndi maenje."

"Nanga njira yodutsa pakati pake ndi iti?" anafunsa Namafunso.

"Ndikanaidziwa, bwenzi ndili mesenjala?" anatero mkuluyo, n'kupitiriza kupukuta njinga.

3. Nyumba ya a Wotchi

Lachitatu kunabwera mlendo wochokera ku Bungwe kudzaona mmene fomu ikuyendera. Anali mayi wamtali, wansangala, amene botolo la madzi silinkachoka m'manja mwake. Pofika pa galimoto anthu anali atamutcha kale amayi a Botolo. Chilankhulo chathu ankachitha, koma pang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka mtsinje poponda miyala.

Dzulo lake a Malinga anali atatumiza uthenga kwa tcheyamani wa msewu woyamba kulembedwa. Za malikisi sanatchule, chifukwa lamulo linkaletsa. Anangoti kukubwera alendo akuluakulu, anthu asawachititse manyazi.

Makalaliki atatu anagawana nyumba za kumunsi. Namafunso anatsala ndi bwana ndi mlendo, ndipo nyumba yawo yoyamba inali ya a Wotchi.

Nyumbayo Namafunso ankaidziwa bwino. A Wotchi anakonza mawotchi pakhonde la msika zaka makumi anayi, mpaka ng'ala inaphimba maso awo. Tsopano ankalera adzukulu atatu, ana a malemu mwana wawo wamkazi. Khadi lija linali chilichonse kwa iwo: adokotala akanawapala ng'ala, ndipo anawo akanasiya kuwodzera m'kalasi ndi njala. Katundu wa m'nyumbamo Namafunso akanamutchula atatsinzina: mkeka, bokosi la zipangizo, ndi mpando umodzi wa miyendo itatu, mwendo wachinayi uli njerwa.

Atalowa anaima chilili, pakamwa pali yasa.

Pakati pa chipinda panali sofa wofiira, wamkulu mwakuti chitseko anachita kuchizula kuti alowe. Patsogolo pake panali wailesi yakanema yofunditsidwa kansalu kamaluwa. Pakona panaima filiji yoyera mbuu, chingwe chake chili gone pansi, pakuti m'nyumbamo munalibe magetsi chiimangireni. Adzukulu atatu aja anandanda kukhoma, nkhope zili waliwali ndi mafuta, ndipo ankamuyang'ana sofayo ngati mphunzitsi wamkulu.

"Takulandirani, alendo athu," anatero a Wotchi, atavala jekete limene manja ake anapitirira zala. "Khalani pa sofapa. Pepani, ndi zochepa chabe."

Amayi a Botolo anakhala n'kumira mpaka m'chiuno. "Nyumba yabwino kwambiri, bambo," anatero.

A Wotchi anaweramitsa mutu modzichepetsa. Namafunso anamva chisoni ndi mantha pamodzi.

"Agogo," anatero mokoka mawu, "sofa ameneyu mwakhala naye nthawi yaitali?"

"Ndi sofa wolimba," anayankha a Wotchi, akuyang'ana kudenga.

"Nanga filijiyi imagwira ntchito?"

"Imagwira ikafuna."

Mdzukulu wamng'ono, pofuna kuthandiza, anatsegula filiji ija. M'katimo munali mkeka wopindapinda ndi nsapato zakutha za banja lonse. Mkulu wake anaitseka msangamsanga. Amayi a Botolo anali atapendeketsa botolo akumwa madzi, ndipo sanaone kanthu.

"Malinga ndi lamulo lachisanu ndi chiwiri, mafunso a makutu ayi," anatero bwana. "Lemba."

Namafunso analemba. Malata, sofa, kanema, filiji. Malikisi makumi asanu. Kamakina kanafiira n'kulemba kuti: Sakuyenera.

"Dina," anatero bwana.

"Ndikufuna ndionetsetse kaye, bwana," anatero Namafunso, n'kukabisa kumbuyo.

4. Umphawi wa a Golosale

Nyumba yotsatira inali ya a Golosale, mwini sitolo yaikulu ya kumsika. Fomu sinkafunsa za sitolo, chifukwa sitolo sili m'nyumba, ndipo maso sangaione ali pabalaza.

Pabalazapo panali mbee. Pasimenti pankaoneka timaenje tinayi pamene pankaponda miyendo ya sofa. Kukhoma kunali msomali ndi malo oyera a makona anayi. Mwini nyumba anawalandira atakhala pa kreti yopanda mabotolo, mimba ili pamaondo.

Poyamba ankachita manyazi. Anayamba kufotokoza kuti katundu wangotuluka pang'ono, koma a Malinga anamudula kuti za makutu sizikufunika. Kenako maso a a Golosale anagwera pa kamakina, n'kuona kakuwala mobiriwira. Munthu wamalonda sachedwa kumva fungo la mwayi. Nthawi yomweyo chinawagwira chifuwa.

"Ndi mmene tikukhalira, amayi," anatero pakati pa kutsokomola. "Mwa chisomo basi."

Akazi awo anaima pakhomo la kukhitchini atapinda manja. Kumbuyo kwawo kunali beseni la nyama ndi mkaka zimene zinatulutsidwa m'filiji m'mawa, ndipo ntchentche zinali zitayamba kuitanizana. Diso limene ankawayang'ana nalo amuna awo linali lokwanira kuchiritsa chifuwa chilichonse.

Malikisi asanu. Kamakina kanati: Akuyenera.

Amayi a Botolo anagwira a Golosale paphewa n'kuwauza kuti alimbe mtima.

5. Mphindi khumi

Atafika pa galimoto, bwana anayang'ana wotchi ya pamkono.

"Malinga ndi nthawi, dina zonse ziwiri tizipita. Amayi ali ndi msonkhano."

Namafunso anayang'ana kamakina. Kufufuta sofa mwakachetechete kunali kosavuta, koma limenelo linali dzenje loyamba. Kudina kunali kosavuta koposa. Kunyumba kwawo wolandira malipiro anali iye yekha. Komabe mkono unakwera.

"Amayi, ndili ndi funso," anatero kwa mlendoyo. "Lamulo likuti tilembe zimene maso aona. Kodi likunena kuti masowo aone nthawi yanji?"

Amayi a Botolo anaganiza. "Silinena," anatero.

"Ndiye ndikupempha kuti galimoto ichoke, anthu atione kuti tapita. Tikazungulire kumsika, tibwerenso pakatha mphindi khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

A Malinga anamwetulira chifukwa cha mlendo, koma anayandikira khutu la Namafunso.

"Mtsikana iwe, miyezi yako itatu ikhoza kuthera pamsewu pompano," ananong'ona. Aka kanali koyamba kulankhula osayamba ndi malinga.

"Ndamva, bwana," anatero Namafunso. Koma sanadine.

"Mphindi khumi ndili nazo," anatero amayi a Botolo, n'kukwera galimoto.

Anthu anawabayibitsa mwaulemu, tcheyamani ali patsogolo. Galimoto inazungulira msika kawiri. M'katimo munkangomveka botolo likugundana ndi chitseko.

Pobwerera anapeza msewu wonse ukusamuka.

Matiresi ankayenda okha, miyendo ya ana ikuonekera pansi. Mayi wina ankathamanga ndi makatani paphewa. Mnyamata wa njinga anasenza wailesi ziwiri, osakumbuka kuti ya kwa yani ndi iti. Tcheyamani mwini anali atasenza tebulo pamutu, kubweza kwa mphunzitsi wa kuseri. Akazi a a Golosale ankakankha filiji pa wilibala, liwiro lake ngati akuthamangira kuchipatala.

Sofa wofiira uja anali atakakamira pakhomo la a Wotchi, theka m'kati, theka kunja. Amene ankamukoka anali a Golosale, chifuwa chitapola.

"Mosamala, anthu inu! Sofa ameneyu ndinagula wodula!" ankakuwa.

Kenako anacheuka n'kuona galimoto. Anayesa kutsokomola, koma chifuwa chinakana.

Msewu wonse unaima mmene unalili, aliyense ndi katundu wake pamutu. Amayi a Botolo anatsika, n'kuyang'ana kumtunda ndi kumunsi. Botolo lija analisiya pampando.

6. Mpando wa a Wotchi

Sofa atatuluka, Namafunso, bwana ndi mlendo analowanso m'nyumba muja. A Wotchi anaima pakati pa chipinda chopanda kanthu. Jekete lija linali litapita kwa mwini wake, ndipo malaya awo anali ndi chigamba paphewa. Kuseka konse kunathera pakhomo.

"Ndiwe wabweza galimoto, mwana wanga?" anafunsa.

"Ndine, agogo."

"Wandivula pamaso pa alendo," anatero mwapansipansi. "Ine ndinakonza wotchi ya malemu bambo ako, iwe uli kamwana kosafika pa tebulo langa. Bambo anga anandiphunzitsa kuti mlendo sakhala pansi. Ngati ulibe mpando, bwereka. Ngati ulibe kapu, bwereka. Umphawi ndi wako, si wa mlendo, ndiye usamusenzetse. Ine sindinafune kunamiza boma. Ndinangofuna kuti mayi uyu akabwerera kwawo asakanene kuti kuno kulibe anthu. Msewu wonse unaganiza chimodzimodzi. Opeza bwino anabwereketsa, osauka tinabwereka, ndipo tinayamba kunyamula kusanache. Tsopano iwe watenga ulemu wonsewo n'kuuyanika padzuwa."

Mawuwo anamulasa Namafunso, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake. Anagwada n'kuwafotokozera za malikisi, za kufiira kwa kamakina, ndi za zaka zitatu. Anawauza kuti akanadina, khadi likanapita kwa a Golosale.

A Wotchi anatembenukira kwa adzukulu awo.

"Ndiye kuti sofa uja akanadya nkhomaliro ya ana awa?" anafunsa.

"Ndi maso anu omwe, agogo."

Mkuluyo anaseka pang'ono, kuseka kowawa. "Amati nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Yangayi ndiye ikanandivula ndi malaya omwe."

Anatuma mdzukulu wamkulu kuseri kwa nyumba. Mwanayo anabwera ndi mpando wa miyendo itatu, mng'ono wake akutsatira ndi njerwa. A Wotchi anapapasa pansi, n'kuikhazika njerwayo pamalo pake ndi manja ozolowera zinthu zazing'ono. Anapukuta mpandowo ndi mkono wa malaya.

"Khalani apa, amayi," anatero. "Uwu ndiye wanga."

Amayi a Botolo anakhala mosamala kwambiri, ndipo sananene kuti nyumba ndi yabwino.

Namafunso analembanso fomu, mlendo ndi bwana akuona. Malikisi asanu. Kamakina kanabiriwira, ndipo iye anadina.

"Walemba chiyani za mpandowu?" anafunsa a Wotchi.

"Ndalemba kuti mpando umodzi."

"Za miyendo fomu yafunsa?"

"Sinafunse, agogo."

"Basi usaiuze."

Ya a Golosale anailembanso sofa atabwerera m'timaenje take. Anapeza malikisi makumi asanu, ngakhale mwini wake anachonderera kuti sofayo ndi wakalekale.

7. Makalata awiri

Chisangalalo sichinakhalitse. Makalaliki atatu aja anabwera kuchokera kumunsi akunyadira, atamaliza nyumba makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi. Zonse anali atadina. Amasiye ndi okalamba a msewuwo anali atalembedwa kuti ndi opeza bwino, ndipo mphunzitsi, telala ndi mwini chigayo anali osauka otheratu.

"Ine sindingatsegule kaundula," anatero amayi a Botolo. "Si ine ndinalemba fomu, ndipo mphamvu yoisintha ndilibe. Angathe ndi akomiti ya unduna ndi a Bungwe akakhala pamodzi. Akumana Lachisanu, ku likulu la unduna."

Lachinayi bwana sanatuluke mu ofesi yake. Chakumasana a Mesenjala anabwera pa desiki ya Namafunso n'kuikapo makalata awiri.

Yoyamba inali ya a Malinga. Inkamufunsa kuti afotokoze polemba chifukwa chimene sayenera kuchotsedwa ntchito, malinga ndi kusamvera kwake pamaso pa mlendo. Yachiwiri inali ndi chidindo cha unduna. Inkamuitana kuti akaime pamaso pa komiti ija mawa lake, akanene yekha zimene anaona.

"Njira yodutsa pakati ija ndi imeneyi?" anafunsa Namafunso.

"Sindikudziwa, mwana wanga. Sindinaidutsepo," anatero a Mesenjala. "Koma tamvera. Kumeneko kuli anthu amene fomu imeneyi ndi mwana wawo, ndipo palibe kholo limene limakondwa kumva kuti mwana wake ndi wopunduka. Usakawaseke, usakawonjezere, usakachotsere. Ukanene za sofa, ukanenenso za mlamu wa tcheyamani, kuti adziwe kuti sukupempha zobwerera kumabodza akale. Nyumba makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi zili pakamwa pako."

Madzulo mayi ake anawerenga makalata onse awiri ataimirira. Anapuma mozama, ndipo za mkono wa m'thumba sanazitchule. Anangoyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso n'kuima pa nsapato. Yakumanzere inali itayasama kutsogolo, ndipo Namafunso ankaimata ndi guluu Lamlungu lililonse.

Mayiwo anatuluka osanena kumene akupita. Posakhalitsa anabwerera ndi nsapato zakuda zonyezimira, ndi jekete lopachikidwa pa waya.

"Mayi, zimenezi n'zayani?" anafunsa Namafunso.

"N'za anamwino a pakonapa. Mafunso ako ukafunse mawa. Kwa akuluakulu munthu sapita ngati wosauka, ungatichititse manyazi."

 Namafunso anatenga nsapato zonyezimirazo n'kuziika pakhomo, pambali pa zake zoyasama zija. Basi yopita ku likulu la unduna inkanyamuka mbandakucha, ndipo mapazi anali nawo awiri okha.